Mwana wa ku Juárez amene anaphunzitsa Mexico kulira

Lamulungu pa 28 Ogasiti 2016, anthu a mumzinda wa El Paso ku Texas anali atagula kale matikiti oti akaonere Juan Gabriel madzulo ake. Woimbayo sanafike. M'mawa wa tsiku lomwelo anamwalira ndi nthenda ya mtima m'nyumba imene ankakhala ku Santa Monica, California, ali ndi zaka 66. Anali ataimba komaliza Lachisanu, masiku awiri m'mbuyomo, pa bwalo la The Forum ku Inglewood. Mtembo wake unatenthedwa, ndipo phulusa lake linayamba lapita ku Ciudad Juárez kumene anakulira, kenako ku Mexico City. Kumeneko, pa 5 ndi pa 6 Sepitembala, anthu zikwi mazanamazana anandanda mizere m'misewu kuti alowe mu Palacio de Bellas Artes kukamutsanzika. Ena anadikira kuyambira usiku. Podikirapo ankaimba nyimbo zake, ndipo sipankafunika wowatsogolera.

Kwa ife amene tili kutali ndi Mexico, dzina limeneli mwina ndi lachilendo. Koma mbiri yake ikukhudza funso limene dziko lililonse limalimbana nalo: amagamula ndani kuti luso ili ndi lolemekezeka, ili ndi la anthu wamba? Juan Gabriel anakhala zaka 45 akuimba pakati pa mkangano umenewu. Ophunzira ena ankamunyoza, amuna ena ankamuseka, koma pomaliza mlandu unagamulidwa ndi anamfedwa, chifukwa ndi nyimbo yake imene anthu a ku Mexico amaikira abale awo m'manda mpaka lero.

Dzina lake lenileni linali Alberto Aguilera Valadez. Anabadwa pa 7 Januwale 1950 ku Parácuaro, tauni yaing'ono ya alimi m'chigawo cha Michoacán, ndipo anali chitsirizira m'banja la ana khumi. Ali wakhanda, bambo ake a Gabriel Aguilera anayatsa moto kuti alambule munda, motowo n'kulowerera m'minda ya anzawo. Tsokali linawasokoneza maganizo. Anawatengera ku La Castañeda, chipatala chachikulu cha odwala misala ku Mexico City, ndipo sanabwererenso kwa ana awo. Mayi ake a Victoria Valadez anasamuka ndi ana kupita kumpoto, ku Ciudad Juárez, mzinda wa m'malire umene unayang'anizana ndi El Paso, pakati pali mtsinje wa Río Bravo. Kumeneko anayamba ntchito ya m'nyumba za anthu. Ntchito yotereyi simalola mwana wam'manja, ndipo Alberto atafika zaka zisanu anamusiya ku Escuela de Mejoramiento Social para Menores, nyumba yosungirako ana osowa pogwira pamodzi ndi ana opalamula. Anakhala kumeneko zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu, mayi ake akumuyendera mwa apo ndi apo.

Kunali kumeneko kumene anakumana ndi Juan Contreras, bambo wachikulire amene kale ankaimba m'bandi koma makutu anali atayamba kugontha. Mkuluyu ankaphunzitsa ana kusula zinthu za malata, ndipo Alberto anamuphunzitsanso nyimbo. Mnyamatayo atakula n'kufuna dzina loimbira, anatenga Juan kwa mphunzitsi wakeyu ndi Gabriel kwa bambo ake. Anasenza motero maina a amuna awiri, mmodzi amene anamulera mosamubala ndi wina amene anamubala koma sanamulere.

Anathawa m'nyumba ija ali ndi zaka 13. Ankagulitsa zakudya m'misewu, kuimba m'makwaya a tchalitchi, ndi kupempha mwayi woimba m'mabala a mumsewu wa Avenida Juárez, kumene asilikali a ku America ochokera ku Fort Bliss ankawolokera kukasangalala. Pa nthawiyo ankadziwika ndi dzina loti Adán Luna. Bala ina yotchedwa Noa Noa inamulandira, ndipo patapita zaka iye anaibwezera ulemu poipekera nyimbo imene inachititsa kuti dzina la balayo lidziwike ku Latin America konse. Koma makampani ojambula nyimbo anali ku Mexico City. Anapitako kangapo, kumakanidwa, kumagona m'malo okwerera basi ndi sitima. Ulendo wina anamunamizira kuba, n'kumutsekera m'ndende ya Lecumberri, imene anthu ankaitcha nyumba yachifumu yakuda. Inali ndende yomweyo imene boma linatsekeramo ophunzira ndi olemba mabuku pambuyo pa zipolowe za 1968. Anakhalamo pafupifupi chaka ndi theka. Mkulu wa ndendeyo, Andrés Puentes Vargas, anamva nyimbo zake n'kumudziwitsa kwa woimba wotchuka Enriqueta Jiménez, wodziwika kuti La Prieta Linda. Mayiyu anathandiza kuti atuluke ndiponso anamutsegulira khomo ku kampani ya RCA. Mu 1971 chimbale chake choyamba, El alma joven, chinatuluka, ndipo nyimbo imene inagwira mitima ya anthu inali No tengo dinero, kutanthauza kuti ndilibe ndalama. Sanafunikire kupeka, ankangonena mmene zinthu zinalili.

Kuti timvetse kukula kwa zimene anachita, tiyenera kudziwa nyimbo za ranchera, zimene zimaimbidwa ndi magulu a mariachi okhala ndi malipenga, mavayolini ndi magitala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, makanema ndi wailesi zinapanga woimba ranchera kukhala chithunzi cha mwamuna weniweni wa ku Mexico: wokwera hatchi, wachipewa chachikulu, wa mawu amphamvu, mfuti ili m'chiuno. Jorge Negrete ndi Pedro Infante ndiwo anaumba chithunzi chimenechi, José Alfredo Jiménez anachipekera nyimbo, ndipo Vicente Fernández anadzachilandira ngati cholowa. Mwamuna wa m'nyimbozi amatha kulira, koma amalirira m'bala, botolo lili m'manja, akudzudzula mkazi amene wamusiya. Mu 1974 Juan Gabriel anajambula chimbale ndi Mariachi Vargas de Tecalitlán, gulu lolemekezeka kuposa onse, ndipo m'menemo munali Se me olvidó otra vez, imene lero ili m'gulu la ranchera zodziwika kwambiri. Anasonyeza kuti mwambo wa nyimbozi ankaudziwa bwino. Chimene anasintha ndi munthu woima pabwalo. Ankavala majekete onyezimira, ankavina monyang'wa ndi modzithyola, mawu ake ankanjenjemera n'kusweka pakati pa nyimbo, ndipo sankachita nazo manyazi.

Ankaimba motero ngakhale m'mabwalo otchedwa palenque, kumene anthu amachita juga pomenyanitsa atambala pa nthawi ya zionetsero za malonda. Kulibe malo achimuna kuposa amenewo. Amuna ena ankabwera kudzamukuwiza ndi mawu achipongwe, koma usiku usanathe ankapezeka akuimba naye, misozi ili m'masaya. Wolemba nkhani Carlos Monsiváis, amene analemba za iye m'buku la Escenas de pudor y liviandad mu 1988, anali m'gulu la ophunzira oyamba kuona kuti apa pakuchitika kanthu kena kakakulu m'mbiri ya dzikolo. Mu 2002 mtolankhani Fernando del Rincón anamufunsa pa televizioni ngati amakonda amuna anzake. Juan Gabriel anayankha ndi mwambi wa kwawo, woti chimene maso akuona sichifunsidwa. Sanavomere, sanakane. Ena amati yankholi linali kuzemba, ndipo kuti munthu wotchuka ngati iye akanalankhula mosabisa akanapeputsira ena mtolo. Ena amati m'dziko limene linali litamutsekera kale kawiri, anapeza njira yokhalira mmene analili pamaso pa anthu onse popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Chodziwika n'chakuti m'mabanja ambiri, agogo amene sakanalola kuti nkhani yotere itchulidwe pakhomo ankamukonda Juanga, monga ankamutchulira mwachikondi, ngati mwana wawo.

Sanali woimba chabe. Anapeka nyimbo zoposa 1,000, ngakhale sanapite kusukulu ya nyimbo. Ankaimbira m'kaseti zimene zabwera m'mutu, akatswiri monga Eduardo Magallanes n'kuzikonzera zida. Oimba ena ambiri anadyera m'manja mwake. Rocío Dúrcal wa ku Spain anasanduka mfumukazi ya ranchera chifukwa cha zimbale zimene anajambula za nyimbo za Juan Gabriel. José José anaimba Lo pasado, pasado, Isabel Pantoja anaimba Así fue, Daniela Romo anaimba De mí enamórate, ndipo Marc Anthony anatenga Hasta que te conocí n'kuisandutsa salsa. Iye mwini anafika pachimake mu 1984 ndi nyimbo ya Querida ya m'chimbale cha Recuerdos II. Ndiye ali pamwamba chomwecho, anachita chinthu chimene oimba ochepa angayerekeze. Anakangana ndi kampani ya BMG pa nkhani ya umwini wa nyimbo zake, ndipo kuyambira 1986 mpaka 1994 anakana kujambula chimbale cha nyimbo zatsopano. Ankangoyenda m'mabwalo kuimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patatha zaka zisanu ndi zitatu anagwirizana ndi kampaniyo mwa njira yoti umwini wa nyimbo zake ubwerere kwa iye. Chimbale chimene anabwerera nacho anachitcha Gracias por esperar, kuthokoza anthu chifukwa chomudikira. Woimba aliyense amene anasainapo pepala asanaliwerenge bwino angaphunzirepo kanthu pamenepa.

Pakati pa zaka zimenezi ndi pamene panabuka mkangano waukulu pa moyo wake. Palacio de Bellas Artes ndi nyumba ya miyala yoyera ya mabo imene inatsegulidwa mu 1934 pakati pa Mexico City. Ndi kwawo kwa opera ndi gulu la dziko la Orquesta Sinfónica Nacional, ndipo makoma ake ali ndi zojambula za Diego Rivera, José Clemente Orozco ndi David Alfaro Siqueiros. Zitamveka kuti Juan Gabriel akaimba m'menemo mu Meyi 1990, anthu ena a zaluso anakwiya. Analemba makalata ndi nkhani m'nyuzipepala kunena kuti nyumba yopatulika ikudetsedwa ndi nyimbo za m'mabala ndi za pa televizioni. Monsiváis ndi ena anamuikira kumbuyo. Zoimbazo zinachitika mausiku anayi, kuyambira pa 9 mpaka pa 12 Meyi, Enrique Patrón de Rueda akutsogolera gulu la dziko lija, amariachi ali pambali. Ndalama zimene zinapezeka zinapita kukathandiza gululo. Mwana wa mayi wantchito ya m'nyumba, amene anakulira m'nyumba ya ana osowa n'kulawako ndende, anaima pamalo pamene ankati si pa anthu a mtundu wake, ndipo anavinitsa anthu amene anabwera atavala masuti. Chimbale cha usiku umenewo chikugulidwabe ndi kumvedwa mpaka lero. Anadzaimbanso m'nyumbayi mu 1997 ndi mu 2013.

Tsiku la 10 Meyi ndi la anakubala ku Mexico, ndipo linagwera mkati mwa mausiku anayi aja. Nyimbo imene anthu amakumbukira kwambiri pa zoimbazo ndi Amor eterno, chikondi chamuyaya, imene anaipereka kwa amayi onse, amoyo ndi otsogola. Mayi ake anamwalira mu Disembala 1974, iye ali ku Acapulco, ndipo dzina la mzindawu limamveka m'nyimboyo. Woyamba kuitchukitsa anali Rocío Dúrcal mu 1984. Ubale wa Alberto ndi mayi ake sunali wophweka. Ndi mayi amene anamusiya pakhomo la nyumba ya ana ali ndi zaka zisanu, ndipo iye anakhala moyo wake wonse akufunafuna chikondi chawo. Atapeza ndalama, nthawi yokhala nawo inali itatsala yochepa. N'chifukwa chake nyimboyi ilibe kukoma kwa ndakatulo zotamanda amayi zimene ana amalakatula kusukulu. Muli chisoni cha munthu amene akudziwa kuti panali zina zoti achite koma mpata watha, ndipo mulinso chiyembekezo choti adzaonananso.

Amene ankamunyoza ankati mawu a nyimbo zake ndi osauka, obwerezabwereza, ngati a mayi wogulitsa pamsika. N'zoona kuti Chisipanishi chake ndi cha tsiku ndi tsiku. Koma womasulira aliyense amadziwa kuti mawu ooneka ophweka ndiwo amathyola msana. Tiyeni titenge Amor eterno. Monga anaiimbira Dúrcal, nyimboyi sitchula kuti womwalirayo ndi mayi. Imangolankhula naye mwachindunji ndi kamawu koti tú, kamene ku Mexico munthu angauze mwana wake, mkazi wake, mnzake, mayi ake, ngakhale Mulungu. Woimasulira m'Chichewa angaime pomwepo, cholembera chili m'manja. Akalemba kuti inu, nyimbo yasanduka ya makolo ndi akuluakulu, ndipo mayi amene wataya khanda sangaiimbe. Akalemba kuti iwe, yasanduka ya mwana kapena ya bwenzi, ndipo palibe angaiimbire mayi ake pamanda. Chichewa chimatikakamiza kusankha pamene nyimboyi inasiya khomo lotsegula. Khomo limenelo ndilo linachititsa kuti chisoni cha munthu mmodzi chikwane aliyense. Mkazi wamasiye, mwana wamasiye, kholo limene mwana wake anasowa osapezekanso, onse amalowamo ndi maliro awo. Ku Mexico ndi kwa anthu ochokera kumeneko okhala ku United States, amariachi amaiimba kumanda bokosi likamatsika, amaiimba pa 10 Meyi, amaiimbanso pa 2 Novembala mabanja akamakayendera manda a abale awo pa Día de Muertos.

Kumukumbukira moona kumafunanso kutchula zimene sizinali zowala. Juan Gabriel anali pafupi ndi chipani cha PRI, chimene chinalamulira Mexico zaka 71. Pa chisankho cha 2000 anapekera nyimbo ya kampeni Francisco Labastida, amene anagonja kwa Vicente Fox, pa nthawi imene anthu ambiri osauka amene ankagula nyimbo zake anali atatopa ndi chipanicho. Ankavutana ndi boma pa nkhani ya misonkho, ndipo mu 2005 anamangidwa kwa kanthawi ku Ciudad Juárez pa chifukwa chimenechi. Atamwalira, chuma chake chinabutsa milandu m'makhoti. Koma munthu yemweyo ndi amene mu 1987 anatsegula Semjase ku Ciudad Juárez, nyumba yolerera ana osowa ndi kuwaphunzitsa nyimbo, n'kumailipirira kwa zaka zambiri. Anafuna kukhala Juan Contreras wa ana ena. Ndipo m'zaka zimene dzina la Juárez linkamveka kunja chifukwa cha kuphedwa kwa amayi ndi nkhondo ya ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, anthu a mumzindawo anali ndi chinthu chimodzi chonyadira chimene dziko lonse linkachidziwa. Nkhope yake inajambulidwa pakhoma la nyumba yaitali mu Avenida Juárez iye akali moyo, ndipo nyumba yake ya mumsewu wa 16 de Septiembre, kumene kuli phulusa lake, tsopano ndi malo osungirako mbiri yake.

Mkangano wa 1990 sunafe naye. Patangopita masiku awiri chimwalirireni, Nicolás Alvarado, amene anali mkulu wa televizioni ya yunivesite ya UNAM, analemba mu nyuzipepala ya Milenio kuti sakonda Juan Gabriel. Ananyoza kalembedwe kake, ndipo anati zovala zake zonyezimira zinkamunyansa chifukwa zinali za anthu otsika. Mkwiyo wa anthu unakula kwambiri moti anatula pansi udindo sabata yomweyo. Ena anadandaula kuti munthu sayenera kutaya ntchito chifukwa chonena maganizo ake pa nyimbo, ndipo dandaulo limeneli si lopanda pake. Komabe nkhaniyi inaonetsa mmene zinthu zinatembenukira. Mu 1990 woyenera kudziteteza anali woimbayo. Mu 2016 woyenera kudziteteza anali womunyozayo. Ndipo nyumba imene ena ankati aidetsa ndi imene inalandira phulusa lake, pamalo pomwe dziko linatsanzikirapo Frida Kahlo mu 1954, Octavio Paz mu 1998 ndi Gabriel García Márquez mu 2014.

Ulemu wa maboma ndi mabungwe unabwera wambiri. Barack Obama, amene anali pulezidenti wa United States pa nthawiyo, anatulutsa uthenga wa chipepeso. Mu 2024 Library of Congress inaika Amor eterno, monga anaiimbira ku Bellas Artes mu 1990, m'kaundula wa zojambulidwa zofunika kusungidwa m'dzikolo. Chaka chomwecho anthu zikwizikwi anadzaza bwalo la Zócalo ku Mexico City kudzaonera kanema wa zoimba zake, ndipo ankakuwa ndi kuwomba m'manja ngati mwini wake ali pomwepo. Alipo ena mpaka lero amene amalimbikira kunena kuti sanafe, anangobisala. Mphekesera zoterezi zimatsata anthu okhawo amene dziko silinakonzeke kuwataya.

Koma umboni waukulu wa cholowa chake unaoneka pa tsiku loipa. Pa 3 Ogasiti 2019, mnyamata wina anayenda ulendo wautali pa galimoto kupita ku El Paso ndi cholinga chokapha anthu ochokera ku Mexico. Analowa mu sitolo ya Walmart n'kuyamba kuwombera, ndipo anthu 23 anataya miyoyo, ena a tsidya lino la mtsinje, ena a ku Juárez amene anangowoloka kudzagula zinthu. Masiku otsatira anthu ankasonkhana kuseri kwa sitoloyo pamene panazikidwa mitanda, ndiponso m'matchalitchi ndi m'mabwalo a masewera. Maliro n'kulirana. Panalibe amene analamula nyimbo yoti iimbidwe, koma kulikonse kumene amariachi anyamula malipenga, kapena kumene munthu mmodzi wayambitsa ndi mawu onjenjemera, inali Amor eterno. Achinyamata obadwira ku Texas, amene Chisipanishi chawo n'chopereweza, ankadziwa mawu ake onse chifukwa anaimva pa maliro a agogo awo. Mzinda umene unamudikira pachabe usiku wa 28 Ogasiti 2016 unaika anthu ake m'manda ndi nyimbo imene mwana wa tsidya lina la mtsinje anapekera mayi amene anamusiya pakhomo la eni.